Zilembo Zonenepa za Alamu Anga

Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa kashopu kotayipa ndi kusindikiza mapepala pa Balaka, kuseri kwa depoti ya mabasi. Munali makompyuta awiri, makina a fotokope amene ankatentha ngati mbaula dzuwa likafika paliwombo, ndi benchi imodzi yodikirirapo anthu. Tinkalemba chilichonse chimene munthu wabwera nacho: makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mayeso a sukulu za pulayiveti, mapulogalamu a maliro. Eni shopuyo anali bambo wachikulire, Msilamu wa ku Ngokwe, amene pa unyamata wawo ankagwira ntchito yosindikiza mabuku mu Limbe, nthawi imene zilembo zinali zachitsulo ndipo munthu ankazitola chimodzichimodzi ndi zala. Kompyuta sankaikhulupirira kwenikweni, koma zilembo ankazidziwa monga mlimi amadziwira ng'ombe za m'khola mwake.

Mwa mafonti onse amene anali mu kompyuta yanga, panali mtundu umodzi umene tinkangoutchula kuti zamapazi, poti dzina lake lenileni linali lalitali ndi lopinda lilime. Zinali zilembo zonenepa, zakuda bii. Msana wa chilembo chilichonse unali wokhuthala ngati mzati wa khonde, koma timizere tolumikiza tinali topyapyala ngati udzu wofolera. Pansi ndi pamwamba panali timapazi tophwathalala, moti chilembo chilichonse chinkaima chokha njii, ngati msilikali wovala jombo. R wake ankatambasula mwendo ngati munthu akudumpha ngalande. Abwana anandiuza kuti amene anajambula zilembo zimenezi ankafuna kuti zizikhala pamwamba pa chikwangwani, mawu atatu kapena anayi, oti munthu awerenge ali tsidya lina la msewu.

"Izi n'zoitanira anthu, si zochezera nawo," ankatero.

Ukazichepetsa kuti ulembere kalata, timizere topyapyala tija tinkasowa, mimba za a ndi e zinkadzaza inki, tsamba lonse n'kuoneka ngati papondedwa linthumbu. Zinalinso ndi chilema china: munalibe ŵ. Ukamulemba, pankatuluka kabokosi kopanda kanthu. Abwana ankati amene anazipangawo sankadziwa kuti kunja kuno kuli ife. Tinkalemba w wamba, kenako iwo n'kumuveka kachisoti kake ndi cholembera chakuda.

Munthu amene anazikonda zilembo zimenezi kuposa wina aliyense anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anabwera kwathu ku Utale ngati mkamwini, ali ndi jekete imodzi, bulifikesi ndi mawu ambiri. Kale anali kalaliki pa malo ena ogulira thonje, ndipo chifukwa chimene anachokera kumeneko chinkasintha malinga ndi amene akumufotokozera. Achemwali ankalima chimanga ndi nandolo, kuweta mbuzi, ndi kukazinga zitumbuwa zogulitsa pa sukulu. Alamu ankaganiza. Ntchito yawo inali imeneyo. Ankakhala pa mpando wandalema pansi pa mtengo wa masau, mwendo pamwamba pa unzake, akuganiza, pamene mkazi wawo akuchokera kumunda khasu paphewa, mwana kumbuyo, nkhuni pamutu.

Tsiku lina anatulukira pa shopu atakwera kabaza, tayi ili m'khosi mwezi wa Okutobala. Anandiuza kuti ayambitsa bungwe lotukula alimi, amayi, ana amasiye, achinyamata ndi chilengedwe. Nditafunsa kuti ali ndi yani m'bungwemo, anati ena abwera. Dzina la bungwelo linali la Chingerezi, lalitali moti munthu ankapuma kawiri asanalimalize. Ankafuna pepala la makalata lokhala ndi dzinalo pamwamba. Anaima kumbuyo kwa mpando wanga, fungo la perefyumu wa pamsika likunditsamwitsa, n'kundiuza kuti ndiziwaonetsa mafonti onse limodzilimodzi. Titafika pa zamapazi anagunda galasi la kompyuta ndi chala, n'kusiyapo mafuta.

"Zimenezo, mlamu. Munthu akaona zimenezo adziwa kuti sakulankhula ndi anthu wamba."

Ankafuna kuti zonse zilembedwe ndi zomwezo: mutu, keyala, kalata yeniyeniyo, ngakhale nambala ya tsamba. Ndinawafotokozera zimene abwana anandiphunzitsa. Anaseka, n'kundiuza kuti ntchito yanga ndi kudinda mabatani, za maganizo ndiwasiyire iwo. Ndinadinda mabataniwo. Kalata yoyamba itatuluka, abwana anainyamula ndi zala ziwiri ngati atola khoswe wakufa, anang'ung'udza m'Chiyao, n'kupita kukaswali nthawi isanakwane n'komwe.

Kuchokera pamenepo alamu anakhala kasitomala wathu wa sabata ndi sabata. Anapangitsa chidindo, ndipo anakakamira kuti dzina lonse lija lilowe m'kabwalo kakang'ono ngati chitsekero cha botolo. Chikadindidwa pankangooneka chibanga chakuda ngati ndowe ya mbuzi yopondedwa. Iwo sanaone vuto. Ankadinda paliponse, mpaka m'makope a ana awo. Anapangitsanso chikwangwani chimene anachizika m'mbali mwa msewu, muvi wake ukuloza ku nyumba ya achemwali. Ofesi yake inali kachipinda kamene achemwali ankasungiramo madeya a nkhuku, ndipo chikwangwanicho chinali chachikulu kuposa chitseko cha ofesiyo. Udindo wawo unkakula mwezi uliwonse. Anayamba ali wapampando, kenako dayilekita, kenako dayilekita wamkulu ndiponso woyambitsa. Nthawi iliyonse ndinkasintha pepala lija, ndipo nthawi iliyonse ankati dzina lawo ndilikulitseko pang'ono.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti zinkagwira ntchito. Anthu ankakhulupirira. Alembi a m'maofesi akaona kalata yakuda bii ija, yodindidwa chibanga pansi, ankaimirira n'kuwapatsa mpando. Anayamba kuitanidwa ku misonkhano ya m'malo ogona alendo ku Liwonde, kumene ankadya nkhuku masiku atatu n'kubwerako ndi tisheti ndi chikwama chatsopano. Kunyumba ankabweretsa timapaketi ta shuga tija timaikidwa pa thebulo la tiyi, n'kugawira ana ngati apha njovu.

Chaka china, mvula ili pafupi, anaitanitsa alimi a thonje a m'midzi yozungulira kwathu ku zimene anazitcha maphunziro. Uthenga umene unayenda unali woti obwera adzalandira mbewu. Anthu anabwera ambiri, ena wapansi kuchokera kutali. Achemwali anapha mbuzi yawo kuti alendo a amuna awo asachoke ndi njala. Alamu analankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, theka m'Chingerezi, kuuza anthu amene analima thonje iwo asanabadwe kuti thonje limafuna kupalira. Pomaliza aliyense analandira satifiketi. Masatifiketi amenewo ndinalemba ndine, ndi zamapazi, pa pepala lolimba lachikasu.

Patapita sabata, mayi wina wachikulire anandipeza pa shopu. Anali atamva kuti pepala lake linachokera kwa ife. Analitulutsa mu jumbo, litakulungidwa m'kansalu kuti lisade, n'kundifunsa mwaulemu kuti mbewu ija amakatengera pa ofesi iti akaonetsa pepalali. Ndinayang'ana zilembo zanga zomwe, zitaima njii ndi jombo zawo pamwamba pa dzina la mayiyo, limenenso alamu analilemba molakwika. Ndinawayankha kuti sindikudziwa. Ndinkadziwa. Mayiwo anathokoza, anakulunganso pepala lawo bwinobwino, n'kutuluka. Abwana sanandiyang'ane tsiku lonse limenelo, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Nditawadandaulira achemwali, anangoti ndiwasiye amuna awo, ndi mmene alili, ndiponso samenya. Kwa iwo chimenecho chinali chokwanira. Ine ndinkaona kuti ngakhale chitsa cha pakhomo sichimenya munthu.

Achemwali anayamba kudwala m'nyengo yokolola. Poyamba ankangoti atopa, kenako miyendo inatupa, mpweya n'kumavuta. Tinawagoneka m'chipatala, ndipo ine ndi amayi athu tinkasinthana powadikirira. Ndinkapita m'mamawa ndi phala ndisanatsegule shopu, masana n'kubwereranso. Alamu nthawi imeneyo anali otanganidwa kwambiri. Ankati akutsegula nthambi ya bungwe ku Nayuchi, kuti chitukuko chiwolokere ku Mozambiki. M'masabata onse amene achemwali anagona pa bedi lija, anabwera kawiri. Ulendo wachiwiri anaima kumiyendo kwa bedi, n'kuwajambula ndi foni. Amayi anaganiza kuti ndi chikondi.

Patangopita masiku ochepa anabwera ku shopu ndi lipoti loti nditayipe, lopita kwa anthu ena akunja amene anawapeza pa intaneti. Ananditumizira zithunzi zoika m'katimo. Chachitatu chinali cha achemwali, atagona chammbali, maso olowa, atafunda chitenje changa. M'lipotimo alamu anali atalemba ndi dzanja lawo mawu oti ndiike pansi pake: mayi wosauka wa kumudzi amene bungwe lathu likumusamalira. Anati mawu amenewo akhale a zilembo zonenepa, kuti akhudze mtima.

Ndinawabwezera mapepala awo. Anandifunsa ngati makina awonongeka. Ndinati iyayi, makina ali bwino. Anatembenukira kwa abwana n'kuyamba kufotokoza kuti wantchito wawo akuthamangitsa makasitomala akuluakulu. Abwana anapitiriza kudula mapepala, n'kuwauza modekha kuti mashopu otayipa pa Balaka alipo ambiri, ena ali ndi mafani opemerera mphepo. Alamu anatuluka atanyamula bulifikesi yawo, ndipo ndikukhulupirira kuti lipotilo linatayipidwa kwina tsiku lomwelo.

Achemwali anamwalira Lachiwiri m'mawa, amayi ali pambali pawo. Thupi litanyamuka kupita ku Utale, ine ndinatsala m'tauni chifukwa achibale anati ndikonze pulogalamu ya maliro, poti mwambo unali wa mawa lake. Abwana anandiuza kuti ndikhale pa benchi, alemba okha. Ndinakana. Ndinkafuna manja anga akhale ndi chochita.

Ndisanayambe n'komwe, alamu analowa. Anali atapeza kale nthawi yometa ndevu. Anayala pa thebulo pepala limene anakonza okha. Pamwamba penipeni panali dzina la bungwe. Pansi pake dzina lawo ndi maudindo onse atatu, kenako mawu oti akulengeza mwachisoni imfa ya mkazi wawo, ndipo pomalizira, pafupi ndi m'mphepete mwa pepala, dzina la achemwali. Mbiri ya malemu inali ndi mizere itatu yonena za kubadwa ndi kukwatiwa kwawo. Yotsalayo inkafotokoza mmene malemuwo ankagwirizanirana ndi masomphenya a dayilekita. Pa ndandanda wa olankhula, alamu anadziika kawiri: ngati mwamuna wa malemu, ndiponso ngati woimira bungwe. Anati zonse zikhale zamapazi, ndisiye malo kumbuyo oti adzadinde chidindo, ndipo ndibweretse mapepalawo kumudzi chifukwa iwo akufulumira kukalandira alendo ofunika.

Ndinati ndamva. Atatuluka, ndinatembenuza pepala lawo chafufumimba n'kuikapo kapu ya madzi.

Pamwamba pa tsamba ndinalemba dzina la achemwali lokha, ndi zamapazi, kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete. Ndinalemba dzina limene anabadwa nalo, la bambo athu. Kanali koyamba kuona zilembo zimene zija zitanyamula chinthu cholemera molingana ndi kunenepa kwake. Zina zonse ndinalemba ndi zilembo wamba zopyapyala, zosavuta kuwerenga kwa anthu a maso otopa. Mbiri ndinalemba yanga. Ndinanena kuti malemu ankalima munda wa amayi awo ndi wawo womwe, kuti analera ana atatu ndi zitumbuwa, kuti anandiphunzitsa ine kuwerenga pa mchenga wa pabwalo, ndi kuti ankaimba mawu achiwiri mu kwaya. Pa mndandanda wa osiyidwa ndinayamba ndi amayi, kenako ana, kenako alamu: dzina lawo basi, ndi mawu oti mwamuna wa malemu, zilembo zofanana ndi za wina aliyense. Za bungwe sindinalembepo.

Dzina la bambo athu lili ndi ŵ pakati. Mapepala atatuluka, abwana anakoka mpando, anavala magalasi, n'kuyamba kuveka kachisoti pa pepala lililonse ndi cholembera chawo chakuda. Ali m'kati mogwira ntchitoyo anandiuza kuti kwawo akufa salemberedwa mapepala, amangokulungidwa mu nsalu yoyera n'kuperekezedwa tsiku lomwelo, koma poti kwathu timalemba, dzina la munthu lilembedwe lathunthu. Sanasiye ngakhale limodzi.

Mawa lake mapulogalamu anagawidwa anthu atakhala kale pabwalo. Ndinkawaona alamu ali pa mpando wakutsogolo, pakati pa amuna awiri a majekete amene sindinkawadziwa. Analandira pepala akumwetulira mwachisoni, monga amachitira munthu amene akudziwa kuti akuonedwa. Anayang'ana kutsogolo kwake, analitembenuza, analitembenuzanso. Kenako anadzuka n'kundikodola kuti tipite kuseri kwa nkhokwe.

"Mlamu, ichi n'chiyani?"

"Pulogalamu ya maliro a achemwali anga."

"Dzina la bungwe lili kuti? Mukudziwa kuti pano pabwera anthu ochokera ku Liwonde?"

"Bungwe silinamwalire, alamu. Likadzamwalira mudzandiuze, ndidzalilembera yake."

Anandiuza kuti ndawachotsa ulemu pamaso pa anzawo, kuti ndine mkazi wansanje wosakwatiwa, ndi kuti nkhaniyi ithera kwa akuluakulu. Anapitadi nayo kwa amalume athu, eni mbumba, amene anali atakhala pa mphasa ndi amuna anzawo pafupi ndi nyumba ya siwa. Alamu anagwada mwa theka, kusamala thalauzi, n'kufotokoza motsitsa mawu kuti pachitika cholakwika chachikulu pa mapepala ndipo ndi bwino asonkhanitsidwe msanga. Amalume sukulu sanapite nayo patali, ndipo maso awo anali atayamba kale kuchita khungu. Anatenga pepalalo, analitalikitsa ndi dzanja, n'kuwerenga dzina la pamwamba lija pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, mpaka kumapeto.

"Ine ndikuona dzina la mwana wathu, ndipo ndaliwerenga ndekha popanda wondithandiza," anatero. "Cholakwika chili pati, akamwini?"

Alamu anayamba kunena za maudindo. Amalume anapinda pepalalo, analiika m'thumba la malaya, n'kuwauza kuti akakhale pansi, anthu akufuna kuyamba mwambo.

Woyendetsa mwambo anatsata zimene zinalembedwa. Analankhula a kuchimuna, a kuchikazi, a mpingo. Woimira bungwe sanaitanidwe poti panalibe. Koma mkulu wa mpingo atangokhala pansi, alamu anaimirira okha, anakonza tayi, anatulutsa mapepala m'thumba la jekete, n'kuyamba kupereka moni kwa alendo olemekezeka m'Chingerezi. Sindikudziwa amene anayambitsa, koma kuchokera pakati pa amayi a mpingo, amene ankaimba limodzi ndi achemwali, panamveka mawu amodzi akuyamba nyimbo. Ena onse analandira. Inali nyimbo yaitali, ya mavesi ambiri, ndipo anaimba onse osadumpha. Alamu anakhala chiimire kwa kanthawi, pakamwa pakuyenda popanda womva, kenako anayang'ana m'mapepala awo ngati akufufuza kanthu, n'kukhala pansi. Amuna awiri a majekete aja anachoka tisanapite kumanda.

Sindinganene kuti ndinasangalala. Achemwali anali m'bokosi, ndipo pepala lililonse, lolembedwa bwino kapena moipa, silikanawadzutsa. Pobwera kumanda ndinaona mapulogalamu ena atagwa m'njira, ena ana akupangira ndege. Amayi anasunga lawo m'Baibulo, ngakhale sadziwa kuwerenga.

Itakwana nthawi, akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi n'kuwasudzula alamu monga mwa mwambo. Anafunsidwa ngati ali ndi mawu okhudza ana. Anayankha kuti ana ndi a kuchikazi, iwo sangalimbane ndi chikhalidwe. Aka kanali koyamba kuwamva akulemekeza chikhalidwe. Ananyamuka m'mawa mwake, ndipo miyezi isanathe itatu tinamva kuti akwatira ku Nayuchi, mayi wina wa geni yogula mpunga ndi zitenje ku Mozambiki. Ndi pamene tinazindikira kuti nthambi ya bungwe ija inali yotani.

Ana awiri aang'ono anatsala ndi amayi kumudzi, wamkulu ndinamutenga kudzakhala nane pa Balaka kuti apitirize sekondale. Atamaliza mayeso a fomu folo anandipempha kuti akaone bambo ake. Sindinamuletse. Ndinamuperekeza ku siteshoni, ndipo anakwera sitima ya ku Nayuchi atanyamula kachikwama ndi nkhuku imene agogo ake anamupatsa kuti asafike chimanjamanja.

Anabwerako patatha masiku anayi. Bambo ake sanawapeze, anali ku msonkhano ku Liwonde, ndipo foni yawo inkangoitana. Anamulandira ndi mayi a pakhomopo. Mwanayo anati mayiwo amadzuka kusanache kukadikira katundu pa malire, masana amakhala pa msika, madzulo amasita malaya a amuna awo kuti akabwera apeze zosinthira. Anamusamala bwino, anamufunsa zambiri za malemu mayi ake, ndipo potsanzikana anamumangira mpunga m'kathumba n'kumuperekeza mpaka m'sitima.

Ndinamufunsa ngati wakhumudwa. Anamasula zingwe za nsapato, kenako anati, "Mayi aang'ono, mayi aja ndi abwino. Ndawamvera chisoni."

Mpungawo unali wonunkhira, wosasweka. Theka tinatumiza ku Utale, wotsalawo tinadya sabata yonse ndi nyemba.